Batani la No pa Google Calendar limakana msanga, koma ulemu muziwonjezera nokha

Ndakhala ndikugwiritsa ntchito Google Calendar kwa zaka zambiri posunga ndandanda ya misonkhano yanga, ndipo pa ntchito yokumbutsa munthu tsiku ndi ola ndilibe nayo chifukwa. Pulogalamuyi inatulutsidwa ndi kampani ya Google mu Epulo 2006, ndipo kuchokera nthawi imeneyo yakhala ikuwonjezeredwa zinthu zambirimbiri zomwe sindingathe kuzitchula zonse pano. Chomwe ndikufuna kuunika ndi mbali imodzi yokha imene anthu saikamba kawirikawiri akamayamikira pulogalamuyi, ndiyo mmene imathandizira munthu amene waitanidwa ku msonkhano, kapena amene wapemphedwa kukakamba nkhani, koma sangathe kupita. Kuvomera n'kosavuta ndipo palibe amene amakhumudwa nako. Kukana ndiko kumafuna luso, chifukwa amene wakuitanani wakupatsani ulemu posankha dzina lanu pakati pa mayina ambiri, ndipo yankho lanu liyenera kumubwezera ulemu womwewo ngakhale kuti likumuuza zomwe sanafune kumva.

Munthu akakuitanani kudzera pa pulogalamuyi, uthenga umafika pa imelo yanu, ndipo msonkhanowo umaonekeranso pa kalendala yanu ngati kabokosi koyera kokhala ndi mtundu m'mphepete mokha, kusonyeza kuti simunayankhe. Mukadina kabokosiko mumapeza mutu wa msonkhano, nthawi, malo, mayina a oitanidwa, ndipo m'munsi mwenimweni muli funso lalifupi lakuti Going? pamodzi ndi mabatani atatu, a Yes, No ndi Maybe. Mukadina No, nkhani yathera pomwepo. Dzina la msonkhano limakhwatchidwa ndi kamzere pa kalendala yanu, pambali pa dzina lanu pa mndandanda wa oitanidwa pamabwera kachizindikiro kosonyeza kuti mwakana, ndipo wokonza msonkhano, ngati sanazimitse zidziwitso zoterezi, amalandira imelo yomwe mutu wake umayamba ndi liwu lakuti Declined. Zonsezi zimachitika musanachotse n'komwe chala pa mbewa ya kompyuta.

Liwiro limeneli ndiliyamikire kaye, chifukwa ndi chinthu chachikulu chomwe pulogalamuyi imachita bwino. Aliyense amene anakonzapo msonkhano akudziwa kuti munthu wokana sapweteketsa mutu ngati munthu wongokhala chete. Wokonza amafunika kudziwa kukula kwa chipinda chomwe abwereke, chiwerengero cha mipando, ndiponso, ngati ndi nkhani ya wokamba, dzina loti alembe pa pulogalamu isanapite kosindikiza. Munthu akazengereza sabata ziwiri chifukwa chochita manyazi kukana, kenako n'kudzapepesa kutatsala masiku atatu, amakhala kuti wamugwiritsa mnzake fuwa la moto, ngakhale kupepesa kwakeko kutakoma chotani. Batani la No limachotsa chifukwa chozengerezera. Simufunika kukhala pansi kufunafuna mawu, simufunika kudikira kuti mupeze nthawi yolemba kalata yaitali, ndipo pa misonkhano wamba ya kuntchito, ya anthu omwe mumaonana nawo tsiku lililonse, limakwanira ndithu palokha. Mnzanu wa mu ofesi amene waitana anthu khumi ndi asanu kuti akambirane za lipoti la pamwezi sayembekezera ndime zitatu za kupepesa. Iye akungofuna kuwerenga anthu.

Batani la Maybe ndilo sindigwirizana nalo kwenikweni, ngakhale kuti vuto lili mwa ife ogwiritsa ntchito kuposa mwa amene analiikapo. Linapangidwira munthu amene akudikiradi kena kake kuti adziwe ngati apita, koma ambirife timalidina titadziwa kale mumtima kuti sitipita, pofuna kuti kukana kwathu kusamveke kowawa. Zotsatira zake n'zakuti wokonza amasunga mpando wa munthu amene sabwera. Pa kalendala msonkhano woterewu umaoneka ndi timizere topendekeka, ndipo ine ndikaona timizereti tachuluka pa sabata yanga ndimadziwa kuti ndayamba kuthawa udindo woyankha. Pa pempho lokakamba nkhani, Maybe sayenera kudinidwa n'komwe, pokhapokha ngati mwalembapo tsiku lenileni lomwe mudzapereke yankho lomaliza.

China chomwe chimayenda bwino, ndipo ambiri sachizindikira chifukwa sichivuta, n'chakuti yankho lanu limafika ngakhale wokuitananiyo akugwiritsa ntchito pulogalamu ina, monga Outlook ya kampani ya Microsoft kapena kalendala ya pa zipangizo za Apple. Izi zimatheka chifukwa mapulogalamu onsewa amatsatira mgwirizano umodzi wa kalembedwe kotchedwa iCalendar, womwe bungwe la IETF, lokonza miyezo ya kayendetsedwe ka intaneti, linasindikiza koyamba mu 1998 m'chikalata cha RFC 2445, cholembedwa ndi Frank Dawson wa kampani ya Lotus ndi Derik Stenerson wa Microsoft, ndipo linadzaukonzanso mu 2009 m'chikalata cha RFC 5545. Kafayilo kothera ndi zilembo za ics komwe mumakaona katamatidwa pa imelo yokuitanani ndiko kanyamula zonsezo. Ndatchula mbiriyi chifukwa muli mfundo yomwe inandidabwitsa. Mu mgwirizanowo, mayankho omwe woitanidwa ku msonkhano angapereke si atatu okha ayi. Kuwonjezera pa kuvomera, kukana ndi kukayikira, mulinso yankho lotchedwa DELEGATED, kutanthauza kuti munthu sapita koma watuma wina m'malo mwake. Pulogalamu ya Lotus Notes inali ndi batani lochitira zimenezi. Google Calendar ilibe, ndipo ine ndimaona kuti pamenepa pali mpata waukulu, chifukwa njira yaulemu koposa yokanira pempho nthawi zambiri ndi kupereka munthu wina. Mungathe kuwonjezera mnzanu pa mndandanda wa oitanidwa ngati wokonza analoleza kuti oitanidwa aziitana ena, koma pulogalamuyo sisonyeza kuti mnzanuyo akuimira inu. Amangooneka ngati munthu wina amene wawonjezeka, ndipo zofotokoza zimatsalira inu.

Tsopano ndifike pa vuto lenileni. Malo olembapo mawu operekeza kukana kwanu alipo, koma anabisidwa. Pa kompyuta, pambali pa mabatani atatu aja pali kamuvi kakang'ono, ndipo mukakadina m'pamene mumaona mawu akuti Add note. Munthu amene sanauzidwepo akhoza kutha zaka akukana misonkhano popanda kudziwa kuti kamuviko kali ndi ntchito. Apa Outlook ya pa kompyuta, ija yakale, inaganiza bwino kuposa Google, chifukwa mukafuna kukana imakupatsani njira zitatu zoti musankhe: kulemba kaye mawu musanatumize yankho, kutumiza nthawi yomweyo, kapena kusatumiza yankho lililonse. Njira yachitatuyo sindiikonda, koma yoyambayo imakukumbutsani pa nthawi yoyenera kuti mbali inayo kuli munthu amene awerenge yankho lanu. Pa Google Calendar, dongosolo lake limakukokerani ku kukana kopanda mawu, ndipo amene akufuna kuchita mwaulemu ayenera kudziwiratu njira yake. Ndikanakonda kuti batani la No lizitsegula kabokosi kolembamo nthawi zonse, munthu n'kusankha yekha kukasiya kopanda kanthu.

Ngakhale mutakapeza kabokosiko, muyenera kusamala nako pa zifukwa ziwiri. Choyamba, n'kakang'ono, koyenera chiganizo chimodzi kapena ziwiri, osati kalata. Chachiwiri, ndipo ichi n'chofunika kwambiri, mawu omwe mwalembamo amaoneka pansi pa dzina lanu pa mndandanda wa oitanidwa, kotero kuti ngati wokonza sanabise mndandandawo, oitanidwa anzanu nawonso akhoza kuwawerenga. Munthu amene walemba kuti sabwera chifukwa akupita kukaonana ndi dokotala, poganiza kuti akuuza wapampando yekha, akhoza kukhala kuti wauza anthu makumi anayi. N'chifukwa chake ine ndimalembamo mawu osaulula za m'nyumba, monga akuti, "Pepani, sindikhalapo, chonde munditumizire mfundo zomwe mugwirizane," ndipo zina zonse ndimazitumiza pa imelo yapadera.

Pa pempho lokakamba nkhani, imelo yapaderayo ndiyo yankho lenileni, ndipo batani limangotsatira pambuyo. Miyezi ingapo yapitayo bungwe lina linandipempha kuti ndikakambe pa msonkhano wake wa pachaka. Mlembi wawo anatumiza kalata ya mayi wapampando wa bungwelo yofotokoza mutu ndi chifukwa chomwe anandisankhira, ndipo posakhalitsa anatumizanso pempho la pa kalendala kuti tsikulo lisungike. Ndinadziwa nthawi yomweyo kuti sindikwanitsa, ndipo kabokosi koyera kaja kanali pamaso panga, batani la No lili poyera. Ndikanalidina, chinthu choyamba chomwe mayi wapampando akanalandira kuchokera kwa ine chikanakhala imelo yolembedwa ndi makina, yoyamba ndi liwu la Declined, poyankha kalata yomwe iwo anaiganizira ndi kuilemba mosamala. Ndinasiya kalendala, n'kutsegula imelo, ndipo ndinalemba motere:

"Mayi Wapampando, ndathokoza kwambiri chifukwa chondiganizira kuti ndidzakambe nkhani pa msonkhano wanu wa pachaka. Pepani kuti ulendo uno sindikwanitsa, chifukwa sabata imeneyo ndinalonjeza kale kwina ndipo sindingathe kusintha. Ndakuuzani msanga kuti mukhale ndi mpata wopeza wina. Ngati mungakonde, ndili ndi mnzanga amene mutuwu amaudziwa bwino kuposa ine. Mukandilola ndimufunsa kaye ngati ali ndi mpata, kenako ndikulumikizitsani. Ndikufunirani msonkhano wabwino."

Kalatayi itapita m'pamene ndinabwerera pa kalendala kukadina No, n'kulemba m'kabokosi kaja kuti, "Monga ndafotokozera m'kalata yanga ya lero." Akuluakulu anati kukana nsalu ya akulu n'kuviika, ndipo m'kalata yotereyi kuviikako ndi kupereka dzina la wina, kapena kulonjeza kutumiza zolemba zanu pa mutuwo, kapena chilichonse chosonyeza kuti pempholo simunalitaye pansi. Koma muone zomwe sindinalembemo. Sindinatchule zifukwa zitatu kapena zinayi, chifukwa zifukwa zikachuluka zimamveka ngati munthu akudziteteza, ndiponso chifukwa chilichonse chimapatsa wokonza mpata woti achithetse: mukati ulendo ndi wautali, adzati mukambe kudzera pa intaneti, mukati simunakonzekere, adzati mungokamba mphindi khumi. Sindinalonjezenso kuti chaka chamawa ndidzabwera, popeza sindinali wotsimikiza, ndipo okonza misonkhano amasunga malonjezo oterewa. Komanso sindinapereke dzina la mnzanga ndisanamufunse, chifukwa kutero kukanakhala kumusenzetsa katundu yemwe ine ndamuthawa. Palibe chimodzi mwa izi chomwe Google Calendar ingakuchitireni, ndipo sindikuiimba mlandu pa zimenezo, koma wogwiritsa ntchito ayenera kudziwa pomwe thandizo lake limathera.

Pansi pa kamuvi komwe kaja palinso mawu akuti Propose a new time, omwe anawonjezeredwa mu 2018. Mukawadina mumasankha tsiku kapena ola lina, mungathe kulembapo mawu ochepa, ndipo ngati muli ndi chilolezo choona kalendala za anzanu, pulogalamuyo imakuonetsani nthawi zawo pambali pa zanu kuti musasankhe ola lomwe wokonzayo ali kale kwina. Iye amalandira pempho lanulo n'kusankha kulivomereza kapena ayi. Pa msonkhano wa anthu awiri kapena atatu, iyi ndi njira yabwino kwambiri yonenera kuti mukufuna kukumana koma nthawiyo ndi yomwe yavuta, ndipo yandipulumutsa ku maimelo ambiri obwezerana. Sigwira ntchito pa misonkhano ya oitanidwa oposa 200, zomwe n'zomveka. Ine ndingapitirire pamenepo n'kunena kuti ngakhale pa anthu makumi awiri, kupempha kuti onse asunthe chifukwa cha inu nokha n'kudzikweza, pokhapokha ngati msonkhanowo sungachitike popanda inu. Ndipo musaigwiritse ntchito ngati cholinga chanu chenicheni n'kukana, chifukwa wokonza akavomereza nthawi yatsopanoyo mudzasowa pothawira.

Kwa amene ali ndi akaunti ya kuntchito kapena ya kusukulu pansi pa Google Workspace, pali zida zina zomwe zimakana m'malo mwanu. Cha Out of office, chomwenso chinabwera mu 2018, chimakulolani kusonyeza masiku omwe simuli pa ntchito, ndipo chimakana chokha misonkhano yogwera m'masiku amenewo. Mumasankha ngati chikane maitanidwe atsopano okha kapena chikanenso omwe munawavomera kale. Cha Focus time, chomwe chinabwera mu 2021, chimachita zofanana pa maola omwe mwapatula kuti mugwire ntchito popanda chosokoneza. Zida izi n'zothandiza kwa munthu amene amalandira maitanidwe ambiri, ndipo ubwino wake n'wakuti woitana amadziwa nthawi yomweyo osati kudikira kuti mubwere ku tchuthi. Koma makina sasiyanitsa anthu. Amakana mnzanu wa pa desiki yoyandikana ndi yanu ndi mawu omwewo omwe akanira munthu wolemekezeka amene akukupemphani koyamba kuti mukakhale mlendo wapadera. Mawu omwe amabwera kale m'chidacho ndi chiganizo chimodzi chouma chonena kuti mwakana chifukwa simuli mu ofesi. Mwayi wake n'wakuti amasinthika, ndipo ndikulangiza aliyense kuti awasinthe asanayatse chidachi, alembemo kuthokoza, tsiku lomwe abwerere, ndi lonjezo loti adzayankha yekha akafika. Njira yokana misonkhano yomwe munaivomera kale muisamale kwambiri, chifukwa kubweza lonjezo n'kolemera kuposa kukana pempho, ndipo sikoyenera kusiyira makina. Musanaiyatse, yendani m'masikuwo limodzilimodzi, muone omwe akufunika kuwalembera kapena kuwaimbira foni.

Pali tinthu tina ting'onoting'ono tomwe tili bwino. Mukakana msonkhano wobwerezabwereza, monga wa Lolemba lililonse, pulogalamuyo imakufunsani ngati mukukana wa tsiku limenelo lokha kapena yonse, ndipo funsoli muziliwerenga musanadine. Yankho lanu limasinthika nthawi iliyonse, kotero kuti amene wadina No molakwitsa akhoza kukonza, ngakhale kuti uthenga woyamba umakhala utapita kale. Mungathenso kusankha kuti misonkhano yomwe mwakana izionekabe pa kalendala kapena ibisike; ine ndimaisiya kuti izioneka, chifukwa imandikumbutsa kufunsa tsiku lotsatira kuti zinayenda bwanji, ndipo funso limenelo limasangalatsa wokonza kuposa kupepesa kulikonse. Pali mtundu umodzi wokha wa maitanidwe omwe safunika ulemu wanu, ndiwo ochokera kwa anthu achinyengo omwe amatumiza misonkhano yabodza yokhala ndi maulalo oopsa. Amenewo musawayankhe ngakhale ndi No, chifukwa yankho lililonse limawauza kuti adiresi yanu ikugwira ntchito. Muwanene kudzera pa Report as spam, ndipo m'makonzedwe a pulogalamuyo musankhe kuti pa kalendala yanu pazilowa maitanidwe a anthu odziwika okha.

Popeza kalata yeniyeni imalembedwa pa imelo, ndi bwino kutchulako Gmail, yomwe imayendera limodzi ndi kalendalayi. Ili ndi chida cha Templates chosungira makalata ogwiritsa ntchito mobwerezabwereza, chomwe muyenera kuchiyatsa nokha m'makonzedwe a pa kompyuta. Kwa munthu amene amapemphedwa kawirikawiri kukakamba nkhani, kusunga mafupa a kalata yokana kumathandiza kuti ayankhe tsiku lomwelo. Ndikunena mafupa chifukwa chiganizo choyamba chiyenera kulembedwa mwatsopano nthawi iliyonse, chotchula msonkhanowo ndi mutu wake, apo ayi wolandira amamva fungo la kalata yomwe yapita kwa anthu ambiri. Ndimagwiritsanso ntchito Schedule send, yomwe inabwera mu 2019, ndikalemba kalata usiku ndipo ndikufuna kuti ifike m'mawa nthawi ya ntchito, komanso ndinaika Undo send pa masekondi 30, omwe ndi ochuluka koposa omwe amaloledwa, chifukwa m'masekondi amenewo m'momwe munthu amazindikira kuti walakwitsa dzina kapena udindo wa amene akumulembera. Mukaika kalata kuti idzapite m'mawa, batani la No nalonso lidikire m'mawa womwewo, chifukwa ilo silidziwa kudikira, ndipo mukalidina usikuwo lidzafika kalata yanu isanafike.